Kampani yathu yoyeretsa maofesi ndi masiku 14 a Loweruka

Ine ndi bambo a kunyumba tinayamba kampani yathu mu 2016, kuno ku Maryland, m'dziko la America, tili ndi galimoto imodzi yakale, makina amodzi opopera fumbi ndi zidebe ziwiri. Masana ndinkasamalira okalamba, madzulo n'kumakakolopa ofesi ya dokotala wa mano ndi tchalitchi china ku Silver Spring. Makasitomala ankauzana okha, mpaka tinalemba antchito asanu ndi mmodzi: awiri akwathu ku Malawi, mmodzi wa ku Chipata, awiri a ku El Salvador ndi mnyamata wa ku Ethiopia.

Chakumapeto kwa 2022, kampani ina yaikulu imene inali ndi kontrakiti yosamalira nyumba ya maofesi a boma la America inatigawirako ntchito ya pansanjika ziwiri. Usiku umenewo tinagwada m'khitchini kuthokoza Mulungu. Mapepala anali ambiri, ndipo ndinasaina onse tsiku limodzi.

Ntchitoyo inali ndi chinthu chimodzi cholemetsa. Pakapita masabata awiri aliwonse, tinkayenera kupala polishi yakale pansi ndi kupaka yatsopano, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha m'nyumba mulibe anthu. Choncho tonse tinkabwera Loweruka. Sabata imeneyo aliyense ankagwira maola 48. Sabata yotsatira ndinkawapatsa tsiku limodzi lopuma mosinthana, n'kugwira maola 32. Malipiro tinkapereka pa masabata awiri, ndiye ine ndikaphatikiza ndinkapeza maola 80, n'kumati zonse zili m'malo mwake.

Ndinkaona ngati ndikuchita chilungamo. Ndinakulira ku Ntcheu kumene timati lero tilime kwako, mawa kwanga. Ndinagwiraponso ntchito ku Lilongwe, kumene lamulo la ntchito la 2000 limalola maola 48 pa sabata. Nambala ya 48 siinkandiopsa ngakhale pang'ono.

Mu 2023 kunabwera mayi wofufuza wochokera ku Wage and Hour Division, nthambi yoona za malipiro ndi maola a ntchito ya Department of Labor, unduna wa zantchito wa boma la America. Anali waulemu. Anapempha mapepala a maola ndi a malipiro, kenako analankhula ndi antchito mmodzimmodzi, ine kulibe. Atabwerera kwa ine anaika chala pa sabata ya maola 48 n'kundiuza kuti kuno sabata iliyonse imaima payokha. Masiku asanu ndi awiri akatha, nkhani yake yatha. Sungabwereke maola a sabata ino kukadzazira sabata yamawa, ngakhale wantchito atavomera, ngakhale atapempha yekha.

Lamulo limene linatigwira ndi Contract Work Hours and Safety Standards Act, la 1962. Limati wogwira ntchito ya manja pa kontrakiti ya boma, ngakhalenso mlonda, akapitirira maola 40 pa sabata, ola lililonse lowonjezera alipidwe malipiro a ola limodzi ndi theka. Ine ndinkaganiza kuti kagawo kathu n'kochepa kwambiri moti lamulo lotere silingatikhudze. Koma chimene amayeza ndi kontrakiti yaikulu ija, osati kachidutswa kako. Lamuloli limatchula madola 100,000, ndipo kontrakiti ikaposa muyezo, aliyense wogwira pansi pake walowamo.

Tinakhala pansi kuwerengera. Wolandira madola 18 pa ola anayenera kulandira 27 pa maola a Loweruka. Ndinkamumana madola 9 pa ola, kutanthauza 72 Loweruka lililonse. Masiku oterewa analipo 14, anthu asanu ndi mmodzi. Ngongole yonse inakwana madola 6,048.

Pamwamba pake panali chindapusa, ndipo ichi n'chimene eni mabizinesi ang'onoang'ono ambiri sachidziwa. Sichipita kwa wantchito, chimapita ku boma. Amachiwerengera pa munthu aliyense, pa tsiku lililonse limene wagwira maola opitirira 40 aja osalandira ovataimu. Kwa zaka zambiri chinali madola 10 pa tsiku, koma kuyambira 2016 amachikweza potsata kukwera mtengo kwa zinthu, ndipo chaka chimenecho chinali pa 31. Anthu 6 kuchulukitsa ndi masiku 14, kuchulukitsanso ndi 31: madola 2,604. Sayang'ana kuti unamana munthu zochuluka bwanji. Ngakhale likhale ola limodzi lokha, tsikulo laliwerenga.

Boma silichita kukupempha ndalamazi. Limangozigwira pa zimene likanalipira kampani yaikulu, chifukwa iyonso imayankha mlandu wa amene inawagawira ntchito. Kampaniyo nayo inazigwira pa cheke chathu. Miyezi iwiri imeneyo bambo anabwerera kukayendetsa galimoto usiku kuti malipiro a antchito asachedwe ndi tsiku limodzi lomwe.

Mwayi wodandaula ulipo. Uli ndi masiku 60 opempha kuti chindapusa chichepetsedwe kapena chichotsedwe, ukasonyeza kuti unalakwitsa mosadziwa ngakhale unasamala mokwanira. Ndinatulutsa mapepala ndinasaina aja kuti ndilembe pempho. Ndimeyo inalimo, maola 40 olembedwa poyera, dzina langa lili m'munsi mwake. Ndikananena bwanji kuti ndinasamala? Sitinadandaule. Tinalipira, podziwanso kuti wophwanya lamuloli mwadala angathe kuletsedwa ntchito za boma kwa zaka zitatu.

Koma chimene chinandipweteka kwambiri sichinali ndalama. Tsiku lopereka macheke a ngongole, aliyense madola 1,008, ndinaitana mayi wina wachikulire wakwathu amene ndinamulemba ntchito atangofika kumene. Ndinati, "Amayi, mundikhululukire, ndakhala ndikukudyerani thukuta." Anayang'ana chekecho nthawi yaitali. Kenako anati, "Achemwali, ine ndinkadziwa kuti kwina Loweruka lotere amalipira. Koma ndikanayambira pati kukuuzani inu, amene munandipatsa ntchito ndilibe wondidziwa?"

Miyezi isanu ndi iwiri anakhala chete chifukwa cha ulemu, ndipo ine ndinkatenga kukhala chete kwakeko ngati kuvomera. Anali ndi mdzukulu ku sekondale kumudzi, amene fizi yake inkachokera m'manja omwewo ogwira mopu. Pakati pa ife obwera m'dziko la eni, wolemba ntchito nthawi zambiri amakhala yemweyo amene munapemphera naye Lamulungu, amene anakuthandizani kupeza chipinda. Munthu wotere samuuza kuti wandibera. Ndinazindikira kuti kampani ya mlendo ikanamulipira bwino mayiyu kuposa ine mnansi wake, ndipo zimenezi zimandiwawabe.

Lero sabata yathu imayamba Lolemba m'mawa n'kutha Lamulungu usiku, ndipo zinalembedwa pakhoma m'Chingelezi, m'Chisipanishi ndi m'Chichewa. Aliyense amalemba yekha nthawi yolowa ndi yotuluka pafoni, ndipo mapepala onse timawasunga zaka zitatu monga lamulo limafunira. Lachinayi lililonse ndimaona amene wayandikira maola 40. Tikamapempha ntchito yatsopano, mtengo wa Loweruka timauikiratu pa ola ndi theka. Chaka chatha tinaluza ntchito ina chifukwa mtengo wathu unakwera, ndipo sindinautsitse.

Mayi aja adakali nafe. Tsopano ndi iwo amene amayang'anira gulu la Loweruka, ndipo asanasaine pepala la malipiro amaliwerenga mzere ndi mzere, magalasi ali pamphuno. Mwezi watha anandibwezera pepala limodzi chifukwa panasowa mphindi 30 za mnyamata wa ku Ethiopia uja.