Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Mahatchi a Apongozi ndi Chisanu cha 2018

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene tinachoka ku Cardiff n'kukakhala pakamunda ka apongozi anga kufupi ndi tauni ya Brecon ku Wales, iwo atangochitidwa opaleshoni ya m'chiuno. Pamalopo panali mahatchi atatu aafupi a mtundu wa Welsh Mountain, omwe msinkhu wawo supitirira masentimita 122 mukayeza paphewa, ndipo popeza amuna anga ankayendetsa lole n'kumagona kutali masiku ambiri, udindo wowasamalira unagwera ine. Ndinakulira ku Dedza, kumene nyama yofananako yomwe ndinkaidziwa inali bulu wokoka ngolo, ndipo pofika mu Disembala 2017 ndinali ndi pakati pa miyezi inayi.

Masabata oyambirira ndinkalephera kugona chifukwa cha chisoni. Dzuwa linkalowa cha m'ma 4 koloko masana, mphepo inkalira m'mazenera, ndipo ine amene ndinkadzitama kuti ndinapirira chisanu cha Juni cha kwathu ndinkaona kuti kusiya ziweto panja usiku wotere ndi nkhanza. Tsiku lina ndinapempha apongozi kuti tizitsekere m'khola ndi kuzifunditsa. Iwo anaseka, kenaka anandituma kuti ndikalowetse zala mu ubweya wa hatchi yaikazi yokalamba imene ndinaipatsa dzina loti Gogo. Pamwamba panali ponyowa ndi pozizira, koma zala zitadutsa ubweya wautali wamafuta n'kufika pa ubweya wofewa wapansi, ndinapeza khungu louma ndi lofunda ngati mkate wongophula kumene. Anandifotokozera kuti mahatchi a mtunduwu akhala m'mapiri a Wales kwa zaka mazanamazana, kuti udzu wouma ukamagayika m'matumbo mwawo umatulutsa kutentha, ndiponso kuti ndi bwino aonde pang'ono nyengo yozizira, chifukwa hatchi yonenepa ikakumana ndi msipu wa mu Meyi imadwala matenda opweteka a ziboda otchedwa laminitis.

Ntchito yake inkaoneka yochepa pouza munthu. Hatchi iliyonse inkafuna udzu wouma wokwana makilogalamu pafupifupi asanu patsiku, ndipo mtolo umodzi unkalemera makilogalamu 20 kapena kupitirirapo. Azamba akusikelo atandichenjeza za kunyamula zolemera, ndinayamba kudula zingwe za mtolo m'shedi momwemo n'kumakoka udzuwo pang'onopang'ono pa chilona, popeza wilibala inkatitimira m'matope a pageti. Anandiletsanso kuyandikira nkhosa za aneba zikamaswa, chifukwa matenda ena a nkhosa amachotsa pakati. Zonsezi ndinkazibisa kwa amayi anga, mpaka tsiku lina pa WhatsApp anaona udzu m'tsitsi langa.

"Mwana wanga, kodi kumeneko unapitira ukwati kapena uganyu? Munthu wapakati sapikisana ndi ziweto," anatero, ndipo sindinawayankhe chifukwa mawu awo anali ndi pake.

Vuto lenileni linali madzi. Hatchi yodya udzu wouma ikapanda kumwa mokwanira, chakudya chimauma m'matumbo n'kutseka njira, ndipo ikhoza kufa. Kumapeto kwa Febuluwale 2018 kunabwera mphepo yozizira kwambiri yochokera kum'mawa, yomwe manyuzipepala anaitcha Beast from the East, ndipo pa 1 Malichi a Met Office, nthambi yoona zanyengo ku Britain, anapereka chenjezo lofiira, lomwe ndi lalikulu pa machenjezo onse, kumadera ena a kum'mwera kwa Wales chifukwa cha namondwe Emma. Mpopi wa kumunda unauma, madzi a m'chomwera anaundana ngati mwala, msewu wathu unakwiririka ndi chipale chofewa, ndipo amuna anga anatsekeredwa ku England. Apa n'kuti pakati panga pali pa miyezi isanu ndi iwiri, mafupa a m'chiuno akundipweteka pa phazi lililonse.

M'mawa wa pa 2 Malichi ndinatuluka ndi nyundo kudzanja lina ndi ketulo ya madzi otentha kudzanja linalo. Mahatchi ndinawapeza ataima kuseri kwa mpanda wa zitsamba, atafulatira mphepo, chipale chitaunjikana pamisana yawo osasungunuka, umboni wakuti kutentha kwa thupi sikunkatuluka. Ndinaswa madzi oundanawo, ndinayoola zidutswa zake ndi sefa ya kukhitchini, ndipo pobwerera ulendo wachitatu ndinaterereka pageti n'kugwa chammbali. Ndinagona pamenepo ndi dzanja pamimba, ndikupemphera m'Chichewa mokweza, kufikira mwana atandimenya kawiri pansi pa nthiti. Gogo anabwera, anandinunkhiza chipewa, kenaka anabwerera kukadya ngati palibe chachitika.

Nditawaimbira azamba, anandifunsa ngati ndikutaya magazi ndi ngati mwana akusuntha, ndipo anandiuza kuti ndifike kuchipatala akandione. Apongozi, amene chifikireni ndinali ndisanawaonepo akupempha kanthu kwa munthu, anatenga foni n'kuimbira mlimi wa nkhosa uja, yemwe anafika ndi thirakitala atanyamula zigubu zinayi za madzi. Anayamba wamwetsa mahatchi, kenaka anandikweza m'thirakitalamo mpaka pamsewu waukulu umene unali utapalidwa kale. Kuchipatala azamba anaumva mtima wa mwana ukugunda bwino, ndipo kuyambira tsiku limenelo mpaka nditachira mu Meyi, mwana wamwamuna wa mlimiyo ndiye ankatunga madzi m'mawa uliwonse, ine n'kumamulipira ndi mandasi.