Mkono wa loboti pa shopu yathu yowotcherera ku Ulónguè

Ntchito yathu ndi yowotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo ndi zitseko, komanso ngolo zomwe alimi a kachewere ku Angónia ndi Tsangano amatutira mbewu. Tinayamba awiri, ine ndi achimwene, tili ndi makina amodzi basi. Maoda a mafelemu ofanana atatichulukira, tinagula mkono wa loboti wakale wa mfundo 6, kutanthauza malo 6 opindikira kapena kuzungulira. Amauyendetsa ndi mphwathu amene anaphunzira zamagetsi ku Tete.

Chomwe chinandikopa pa makinawa ndi ichi. Kuti chida chifike pamalo ena ndi kupendekeka momwe ukufunira, pamafunika mayendedwe 6: atatu ofikira pamalopo, atatu opendekera. Koma powotcherera, tochi (chida chotulutsa waya wowotcherera) ngakhale itazungulira payokha, waya amasungunukabe pomwepo. Ntchito yeniyeni imangofuna 5, kamodzi kamatsala. Gwirani m'mphepete mwa tebulo osasuntha chikhatho, muona kuti chigongono chikutha kukwera ndi kutsika. Mkono wa munthu uli ndi mayendedwe 7, ndipo maloboti ena monga KUKA LBR iiwa anapangidwa ndi mfundo 7 kuti akhale ndi mpata womwewo.

Kotsalako n'kamtengo wapatali. Ntchito yoyamba ndi msoko: nsonga ya tochi itsate mzere, pa liwiro loyenera, yopendekeka bwino. Ntchito zachiwiri n'zambiri. Payipi ya gasi isazengezeke pamkono. Mfundo zisafike pothera pake. Mfundo ya nambala 4 ndi ya nambala 6 zisakhale pamzere umodzi, chifukwa zikatero mkono umafuna kuzungulira mothamanga kwambiri pamtunda waung'ono, msoko n'kuipa. Pulogalamu imawerengera ndi masamu otchedwa Jacobian, n'kulola ntchito zachiwirizi kusuntha mfundo m'njira zokhazo zomwe sizigwedeza nsonga ya tochi. Akatswiri amati null space. Nzeruyi si yatsopano: katswiri wa maloboti Alain Liégeois anailemba mu 1977, pofuna kuti mfundo zizikhala kutali ndi malire ake.

Koma mpata ndi umodzi, zofuna zambiri. Apa kompyuta siingakusankhire. Tinakhala pansi atatu kuti tisanje zofunazo, choyamba mpaka chomaliza. Achimwene, omwe agwira tochi kuyambira ali mnyamata, anati pambuyo pa msoko pabwere kusagunda chitsulo chopanira felemu, kenako mfundo zija, payipi pomalizira. Mphwathu ankafuna payipi ikwere pamwamba pa mndandandawo chifukwa kuipeza n'kovuta kuno. Ine ndinagwirizana ndi achimwene, ndipo mpaka lero ndimaona kuti ananena zoona. Payipi ikafika povuta, timaimitsa makina, kutembenuza felemu, n'kupitiriza. Msoko wokhota sitiulola, chifukwa zenera limenelo likateteza banja la munthu usiku.

Ngolo timawotchererabe pamanja. Mlimi aliyense amabwera ndi ekiselo yakeyake ndi muyeso wake, ndipo amafuna aime pambali aziona.