Mipando 100 pa ngolo, ife mu Probox

Bizinesi yobwereketsa mipando ndi matenti tinaiyamba mu 2016 ndi mipando ya pulasitiki 50 ndi tenti imodzi yomwe tinakasoketsa ku Limbe. Timakhala ku Luchenza, ndipo kuno anthu akangogulitsa nandolo, Loweruka silipita pachabe: apa chinkhoswe, apo ukwati, kwinako akuvundukula chiliza. Ikafika Okutobala, pa Chonde pamachitika Mulhako wa Alhomwe, abale ochokera kutali amadzaza m'makomo, ndiye mipando imasowa dera lonse. Ine ndimasunga buku la maoda ndi ndalama, bambo a kunyumba amayang'anira zonyamula ndi kudzutsa matenti.

Zaka zitatu zoyambirira tinalibe galimoto. Tinkachita hayala lole, ndipo oda iliyonse inkafuna maulendo awiri, kukatula Lachisanu ndi kukatenga Lamulungu. Ndikawerengera m'buku, pafupifupi theka la zomwe talandira zinkathera kwa eni malole. Izo ndinkapirira. Chomwe chinandilasa mtima ndi ukwati wina wa ku Khonjeni mu 2018. Mwini lole anapeza ganyu ya chimanga yolipira bwino, foni n'kuthimitsa. Mipando inafika anthu atayamba kale perekaniperekani, akuluakulu atakhala pa mabenchi obwereka kutchalitchi. Mayi a mkwatibwi sanakalipe. Anangondikokera pambali n'kunena kuti, "Mayi, mwatichititsa manyazi pamaso pa asewere athu." Ndalama ndinabweza zonse, ndipo usiku umenewo tinagwirizana zoti tigule galimoto yathuyathu.

Apa m'pamene tinasiyana maganizo. Bambo ankafuna Toyota Hilux, ndipo sindiwanena, chifukwa m'misewu yathu ino galimoto imeneyo ndi mfumu. Koma ndalama zomwe tinasonkhanitsa, kuphatikiza za kubanki mkhonde, zikanatigulira Hilux yotheratu, yoti mwezi uno injini, mwezi wamawa matayala. Ine ndinkaganizanso za masiku ena anayi a pasabata. Mipando imayenda kumapeto a sabata. Lolemba mpaka Lachinayi galimoto ikufunika kukasiya ana kusukulu, kukaona malo a mwambo, kupita ku Limbe kukagula zingwe ndi nsalu zokongoletsera. Kuwotcha dizilo wa galimoto yaikulu pa maulendo oterowo ndinkaona kuti kutibwezera komwe tikuthawako.

Anatiweruza ndi amalume anga, omwe anagwira umakaniko kwa zaka zambiri ku esiteti ina ya tiyi ku Mulanje. Atamva mbali zonse anafunsa bambo kuti, "Akamwini, katundu mukumufunira galimoto yaikuluyu munayamba mwamuyeza?" Tinali tisanayezepo. Tinabwereka sikelo ya venda wogula nandolo, n'kupeza kuti mipando yathu khumi ikulemera makilogalamu pafupifupi 25. Ndiye kuti mipando 100 ndi makilogalamu 250 basi, kulemera kwa matumba asanu a feteleza. Vuto lathu lonse linali malo. Mipando ndi katundu wodya malo koma wopepuka, ndipo wotere malo ake ndi pa ngolo yokoka, imene ambiri amati thirela. Tsiku loti palibe oda umaimasula n'kuisiya pakhomo, galimoto n'kumayenda yokha, mafuta pang'ono.

Posankha galimoto yoti izikoka, amalume anatichotsa pa zingapo zomwe maso anga ankakhumbira. Sienta ndinkaikonda chifukwa cha mipando yake isanu ndi iwiri, koma anati zambiri zomwe zimabwera kuno zili ndi giyabokosi ya CVT, yomwe imayendera lamba wachitsulo. Pa msewu wosalala imasunga mafuta bwino, koma kuikoketsa katundu pa zitunda za ku Thyolo mafuta ake amatentha, ndipo ikafa kukonza kwake ndi kugula ina. Passo ndi Vitz za injini ya lita imodzi anati tisaziganizire n'komwe. Nissan NP200 inatikopa, pakuti kumbuyo kwake imanyamula makilogalamu 800, koma kutsogolo ndi kwa anthu awiri okha, pamene ife tili ndi ana atatu komanso anyamata awiri odzutsa matenti.

Tinathera pa Toyota Probox ya 2012, injini ya malita 1.5, ya magiya asanu apamanja. Chakacho n'chofunika, chifukwa kuyambira 2014 Probox inayamba kutuluka ndi CVT. Injini yake, 1NZ, ndi yomweyo ili mu Corolla ndi ma Toyota ena ambiri odzaza m'misewumu, choncho zipangizo zake ku Limbe sizisowa, ndipo makaniko wa pa Luchenza kapena pa Chitakale amaidziwa ngati nyumba yake. Siyokongola, anthu ena amaitcha bokosi, mawindo akumbuyo timatsitsa ndi dzanja. Koma inapangidwira ntchito: mipando yakumbuyo ukaipinda, mkatimo mumalowa katundu wa makilogalamu 400. Sitinaitanitse ku Japan kudzera ku Dar es Salaam monga amachitira anzathu. Tinagula yoyenda kale kuno mu 2019, amalume ataiyesa okha pa chitunda, kuimvetsera klatchi ndi kusuzumira kunsi ngati kuli dzimbiri.

Phunziro lowawa linabwera pa chitsulo chokolekapo ngolo. Pofuna kupulumutsa ndalama tinapita kwa wowotcherera wina, amene anangochimata pa kachitsulo kopyapyala ka kuseri kwa bampala. Mwezi wachiwiri, tikuchokera ku Goliati, tinamva kugogoda kumbuyo. Titaima tinapeza pomwe anawotchererapo pang'aluka theka, ngolo yatsala pang'ono kutisiya. Pa msewu umenewo pamayenda ana asukulu ndi anjinga za kabaza, ndipo mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsembwe. Tinakachotsa chonsecho n'kuikitsa china chomangidwa ndi mabawuti pa mafupa enieni a galimoto, mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi tcheni choti chigwire ngolo ikadzamasuka. Tinalumikizitsanso magetsi a ngolo kuti mabuleki ndi ma indiketa azioneka kwa wobwera m'mbuyo, n'kuilembetsa kuti ikhale ndi nambala yake. Laisensi ya B yomwe tonse awiri tili nayo imalola ngolo yosapitirira makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu wake. Yoposa pamenepo imafuna laisensi ya EB.

Ife 750 imeneyo sitiiyandikira. Probox payokha imangopitirira pang'ono tani imodzi, ndipo ngolo yathu ilibe mabuleki akeake, ndiye kuimitsa zonsezo ndi ntchito ya mabuleki a galimoto. Lamulo la pakhomo pathu ndi loti ngolo ndi katundu wake zisadutse makilogalamu 500. Mipando 100 pa ngolo, malona ndi zikhomo mkati mwa galimoto, mapaipi atali timamanga pansi pa ngolo yomweyo. Oda ikakhala ya mipando 200 timayenda kawiri, ngakhale mwini mwambo akakamize bwanji. Popakira, milu yolemera timaika chakutsogolo kwa matayala a ngolo. Mnyamata wathu wina tsiku lina anaunjika mapaipi kumbuyo, ndipo titangothamangako pang'ono pa msewu wa Midima ngolo inayamba kugwedeza mchira, galimoto n'kumatengeka nayo. Bambo anangochotsa phazi pa mafuta, osaponda buleki mwamphamvu, mpaka inakhazikika.

Njira ya ku Makwasa ndi Thekerani ndiyo imayesa woyendetsa. Pokwera timakhala mu giya yachiwiri, diso pa singano ya kutentha kwa injini. Potsika timakhalanso mu giya yomweyo kuti injini izigwira, chifukwa ukadalira phazi lokha mabuleki amapsa, fungo lake umalimva, kenako amasiya kugwira. Nyengo ya mvula, dothi lofiira la m'minda ya tiyi likanyowa, Probox yathu yokoka ndi matayala akutsogolo imaterera ikakhala ndi ngolo. Pamenepo Hilux ikanapambana, ndipo bambo salephera kundikumbutsa. Maoda a kumapiri m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale timachitabe hayala lole, kapena timatula pamsewu waukulu eni mwambo n'kusenza.

Ubwino wa chisankho chathu ndinauona mu 2020, boma litachepetsa chiwerengero cha anthu pa misonkhano chifukwa cha Covid-19. Maukwati anaima, mipando inangounjikana m'nyumba. Ngolo tinaiphimba, ine n'kuyamba kupikula nanazi ndi mapeyala ku Mulanje kukagulitsa ku Limbe, pobwerera n'kutengako kabichi ndi tomato pa Bvumbwe. Tinadya zimenezo miyezi yambiri. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta n'kumasowa, malita khumi omwe tinkapeza titagona pamzere ankatikwanira kukatula mipando ku Mulanje boma, kukaitenganso, n'kutsalako oyendera mkati mwa sabata.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Mulanje ndi Phalombe, matenti athu onse anayi anapita ku maliro ndi kwa mabanja omwe nyumba zawo zinagwa. Sitinalembe m'buku. Komwe milatho inaduka tinkamasula ngolo, anyamata a m'mudzi n'kuikankha ndi manja kuoloka nayo, zomwe lole sikanatheka. Tenti imodzi inabwerako patapita miyezi itatu, itathetheka ndi utsi wa moto wophikira, ndipo tinaisoketsa zigamba, ikugwirabe ntchito.

Pano tili ndi mipando 400 ndi matenti asanu. Klatchi tasintha kamodzi, mabuleki akutsogolo timasintha pafupipafupi kuposa anzathu osakoka kanthu, ndipo ma beringi a ngolo timapaka girisi mvula isanayambe ndi ikatha. Bambo ayambanso kukamba za Hilux, ndipo ulendo uno ndawauza kuti tidikire maoda a Okutobala tione zomwe buku linene. Loweruka likubwerali tili ndi chinkhoswe ku Chisitu ndi chiliza ku Thunga, ndiye ngolo inyamuka Lachisanu 5 koloko m'mawa.