Matenda amawolokera pati?

Lamlungu usiku ndinagona mtima uli m'malo, koyamba chiyambireni kuphunzira m'kalasi mutu wa matenda ochokera ku nyama. Masabata atatu ndakhala ndikuloweza mayina ngati mwana wa Sitandade 4: chiwewe, anthrax, brucellosis, TB ya ng'ombe, kaodzera, chimfine cha mbalame. Za One Health, mfundo yoti umoyo wa anthu, wa nyama ndi wa chilengedwe ndi wolumikizana, sindibwereza. Chimene chinkandiimitsa mutu n'chakuti boma likayala matenda makumi atatu kapena anayi patebulo, limasankha bwanji oti liyambe nawo?

Ine ndinkayesa amangowerenga maliro. Si choncho. Mu njira ya CDC, bungwe la ku America loona za matenda, imene mayiko ambiri a mu Africa agwiritsa ntchito, a zaumoyo, a ziweto ndi a nyama zakutchire amakhala pamodzi n'kugwirizana miyeso isanu, monga kupha kwa nthendayo, kufala kwake, chuma chimene imawononga, ndi ngati pali chochita nayo. Kenako amapatsa muyeso uliwonse kulemera kwake. Ndinkatha kuzilakatula zonsezi, koma muyeso wa "chochita nayo" sunkalowa m'mutu.

Unalowera kumudzi. Loweruka ndinatsagana ndi amalume kumunda kwawo, kufupi ndi mpanda wa nkhalango ya Nkhotakota. Tinadutsa nsalu zija zabuluu ndi zakuda zimene amaimika zitapakidwa mankhwala opha kashembe. Ndinafunsa mwachibwana chifukwa chake boma limavutikira ntchentche pomwe kachilombo ka kaodzera kamakhala m'magazi a nyama. Amalume anaseka. "Mphwanga, mbawala ndi njiri za m'nkhalango yonseyi ukazibaya jakisoni ndiwe? Nyama yolusa umaitchera pa doko pamene imawolokera."

Basi, pamenepo. Nthenda iliyonse ili ndi doko lake powoloka kuchoka ku nyama kubwera kwa munthu, ndipo funso la boma ndi lakuti dokolo lili pati, nanga kulitseka kudya ndalama zingati. Kaodzera wa kwathu kuno, wa mtundu wa rhodesiense, alibe katemera, nyama zomusunga zili m'tchire, ndiye doko lake ndi kashembe. Amene waluma kale mumamufulumizira kuchipatala, chifukwa amayamba ngati malungo koma osathandizidwa amapha m'masabata kapena miyezi yochepa.

Nditabwerera ndinatenga pepala, ndinajambula mtsinje pakati, nyama tsidya lino, munthu tsidya linalo. Chiwewe chinangogwera chokha. WHO imati chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Doko ndi galu. Mukabaya agalu 70 pa 100 alionse chaka ndi chaka, kachilombo kamasowa kolowera, zomwe a bungwe la Mission Rabies akhala akuchita ku Blantyre kuyambira 2015. Katemera wa galu ndi wotchipa kutalitali poyerekeza ndi jakisoni angapo amene wolumidwa amayendera kuchipatala. Nanga n'chifukwa chiyani agalu a m'midzi mwathu ambiri sanaonepo singano? Apa ndi pamene ndinadzuka pampando. Ndalama yobayira galu imachokera ku unduna wa zamalimidwe, koma moyo wopulumuka umawerengedwa ku unduna wa zaumoyo. Galu sakamidwa mkaka, sagulitsidwa pamsika. Mlangizi wa ziweto amene wapanikizika ndi chitopa ndi chigodola aika galu kumapeto, ndipo simungamunene. N'chifukwa chake amawakhazika onse patebulo limodzi. Ine ndinkayesa ndi nkhani ya ma alawansi chabe.

Anthrax nayonso inalowa bwino papepala langa. Mukukumbuka mvuu zija zinafa ku Liwonde kumapeto kwa 2018. Kachilomboka kamatha kukhala m'dothi zaka makumi, dothi simungalichape, ndiye doko lake ndi mpeni. Nyama yofa yokha isatumbulidwe, isagawidwe ndiwo, ndipo ng'ombe zibayidwe.

Kunena zoona, ndikuona ngati njira yojambula mtsinjeyi ikuposa notsi zonse zimene tapatsidwa teremu ino. Ndayamba kale kuvutitsa nayo anzanga a pagulu lathu lowerengera. Chimene chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anatha maola awiri akuwerenga ma slide, mayina a mabungwe ali mbwee, FAO, WHO, WOAH, UNEP, osatchula ngakhale kamodzi nsalu zimene theka la kalasi tinakula tikuziona. Nditafunsa za fexinidazole, mapiritsi a kaodzera omwa masiku 10 amene anayesedwa ku Rumphi n'kuvomerezedwa ndi bungwe la mankhwala la ku Ulaya mu Disembala 2023, anangoti sizibwera pamayeso. Munthu wa ku Nkhotakota amene anamvapo za ululu wa jakisoni wa melarsoprol, mankhwala akale a kaodzera, angamve zimenezo? Mwina nawonso nthawi yawathina, silabasi ndi yaitali, magetsi azimazima. Komabe.

Dzulo pepala langa linakumana ndi brucellosis, ndipo linayamba kudzaza mizere. Mkaka wosawiritsa, kuthandiza ng'ombe pobereka ndi manja osavala kanthu, kophera nyama, madoko mbali zonse. Ndiye palinso ichi chikundidya. Kaodzera amagwira anthu ochepa, makamaka ku Nkhotakota ndi ku Rumphi. Patebulo la dziko lonse, kulemera kwa miyeso kukatsamira ku chiwerengero, iye atsika pansi, pomwe kwa amalume ndiye woyamba. Kodi pamenepo yalakwa ndi njirayo, kapena ndine amene ndikuyeza ndi mtima wa kwathu? Mayeso ndi Lachinayi, ndipo likabwera funso limeneli sindinaganize kuti ndiimira mbali iti.