Ndimalowera Mangochi kuseri

Kwa milungu itatu ndakhala ndikulimbana ndi ntchito ya m'kalasi ya nyumba zakale za pa boma la Mangochi, ndipo dzulo masana m'pamene mutu unatseguka. Ndinali pa mlatho wa Bakili Muluzi, wakabaza akubwezeretsa tcheni chomwe chinagwa. Nditacheuka kuona tauni, ndinangoti: kani tauniyi inamangidwa moyang'ana Shire, osati msewu!

Za Fort Johnston, dzina lakale la Mangochi, ndi kukhazikitsidwa kwake mu 1891 sindibwereza, tonse a m'kalasi tinalemba m'kope. Zoti Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda nthawi imeneyo, ankafuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo pomwe nyanja imakhuthulira madzi mu Shire, nazonso mukuzidziwa. Chomwe sichinkalowa m'mutu mwanga n'chakuti nthawi imeneyo msewu waukulu unali mtsinjewo. Katundu, makalata, abwana a boma, zonse zinkabwera pa sitima. Ife lero timatsikira ku depoti, n'kudutsa mashopu atsopano, ndiye tauni yakale timaifika ngati mlendo wolowera kuseri kwa nyumba, n'kumadabwa kuti khomo lili kuti.

Ukangotembenuka, chilichonse chikupeza malo ake. Nsanja ya wotchi ija, yokumbukira Mfumukazi Victoria amene anamwalira mu 1901, ili kufupi ndi madzi. Mzinga wa Hotchkiss uli pamenepo unachokera pa sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli, tsidya lina la nyanja ya Malawi komwe lero ndi ku Tanzania. Palinso chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Nyumba yomwe inali Gymkhana Club, kalabu ya azungu, lero ndi Lake Malawi Museum. Zonsezi ndi nkhani za pamadzi. Cha basi kapena lole palibe n'chimodzi chomwe.

Chandithandiza ndi pensulo, ndipo amene akujambula pa foni ndikuti mukutaya nthawi, ndimenyeni ngati mukufuna. Foni imathi tswa, wapita. Pensulo imakukhazika pansi mpaka uwerenge nsanamira za pakhonde, uone kukhuthala kwa khoma la njerwa zootcha, uone kuti denga lamalata analikweza dala. Nditakhala ola lathunthu pakhonde la shopu ina yakale, atelala akupalasa makina pambali panga, thupi lokha linandiuza ntchito ya khondelo: dzuwa silifika pakhoma, m'kati mumazizirira, ndipo wogula amaima pamthunzi osafulumira kuchoka. Amene anakhalapo kuno mu Okutobala akundimva. Atelalawo anandifunsa kuti, "Mwanawe, ukufuna kugula nyumbayi?" Ndinati ayi bambo, ndi za kusukulu. Anangoseka.

Chikundiwawa n'chakuti aphunzitsi athu atha teremu yonse akutionetsa zithunzi za matchalitchi a ku Ulaya, ife tikuloweza mayina a mizati yomwe sitidzaiona n'komwe. Tsiku limodzi lokha akanatitengera pamlatho paja! Pano kwatsala masiku anayi kuti tipereke, ndipo masamba asanu ndi limodzi omwe ndinalemba kale ndinayambira ku depoti. Onsewo ndi ong'amba.

Komabe usiku ndagona ndikudzifunsa. Mashopu ambiri okhala ndi makonde ayang'ana msewu, mtsinje aufulatira. Mwina maganizo angawa akugwira pa nsanja ndi nyumba za boma zokha, amalonda anatsata kwina kumene kunkadutsa anthu. Kapena pali matauni awiri ogundana msana? Kaya ndilembe choncho, kaya aphunzitsi adzati ndasochera...