Kutsata madzi kuchokera ku Chambe mpaka ku Dziwe la Nkhalamba

Tinagona m'kanyumba ka alendo ku Chambe, pamwamba pa phiri la Mulanje. M'bandakucha nkhungu inali itakuta dambo lonse, kuzizira kochita kuluma zala. Ndinatuluka ndi kapu kukasaka madzi osukusulira, ndiye ndinakapeza kamtsinje kakang'ono koti ngakhale mwana n'kukadumpha, kakuyenderera mwakachetechete pansi pa udzu. Madzi ake mbee, timiyala ta pansi tikuoneka tonse. Nditamwako, mano anachita tsemwe.

Bambo amene ankatiperekeza anandipeza nditanjuta pamenepo. "Achimwene, madzi amenewa titsika nawo limodzi," anatero, n'kutilowetsa njira ya Chapaluka.

Kumtunda kuja madzi sathamanga. Dothi lakuda la m'dambo limamwa mvula ndi chinyezi cha chiperoni, kenako n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Koma dambo likangotha, nthaka imatsetsereka mwadzidzidzi, ndipo kamtsinje kaja kamayamba kulankhula. Kamagwera pa thanthwe, kamazimirira pakati pa miyala ikuluikulu, kamatulukiranso patsogolo katanenepa chifukwa timifuleni tina takathiramo madzi. Pamalo ena tinawoloka titavula nsapato, ndere ikuterera ngati therere. Ndinaona mayenje osalala amene madzi anaboola m'mwala weniweni, ozungulira ngati mtondo, m'kati muli mwala umodzi umene wakhala ukupera pamenepo zaka zosawerengeka.

Chimene chinandiwawa ndi zitsa. Mkungudza wa ku Mulanje, umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse, watsala wowerengeka. Pamene mitengo yapita, mvula sikhalanso ndi choigwira, imangokokolola dothi. Anthu a m'munsi mwa phirili sanaiwale zimene madzi anachita nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023.

Dzuwa lili paliwombo tinamva mkokomo, ndipo posakhalitsa tinafika pa Dziwe la Nkhalamba, pa mtsinje wa Likhubula. Akuluakulu amati kale pankaoneka nkhalamba, ndipo anthu ankathirapo nsembe. Kuchoka apa madziwa amadutsa m'midzi ndi m'minda, n'kukathera mu Ruo, amene amakumana ndi Shire ku Chiromo.

Anzanga anadumphiramo akukuwa ndi kuzizira. Ine ndinakhala pa mwala, mapazi ali m'madzi, n'kutulutsa kapu ija m'chikwama kuti nditungenso.