Marozi a agogo aja ayamba kuphuka

September wayamba, ndipo mwa zitsamba zisanu za marozi zimene ndinawokera mu July, zinayi zatulutsa mphukira zofiirira, zonyezimira. Chachisanu chikadali chete, koma nditakanda khungwa ndi chikhadabo ndinapeza mkati muli mobiriwira. Ndiye sindichizula ayi.

Marozi amenewa ndinawapeza kwa agogo ena achizungu a ku Linden, dera lina la mu Johannesburg, amene ndinkawagwirira ntchito ya m'dimba. Nyumba anagulitsa, iwo n'kupita kokakhala ndi okalamba anzawo, ndipo wogula anati bwalo lonse aikapo njerwa zoimikapo galimoto. Agogowo anandiitana n'kunena kuti nditenge ine, asafere pamulu wa zinyalala. Anawabzala ndi malemu amuna awo. Anandilozera chitsamba chimodzi cha maluwa ofiira n'kuti chimenecho chinabzalidwa chaka chimene mwana wawo woyamba anabadwa. Mwanayo pano ali ku Australia. Polankhula anagwira tsinde lake osasamala minga.

Kuno ku Johannesburg nthawi yosuntha rozi ndi m'nyengo yozizira, June kapena July, pamene chitsamba chagona. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, kotero chisanu cham'mawa chimaluma kuposa cha kwathu ku Dedza. Ndinayamba ndadulira nthambi zonse mpaka kufika m'mawondo, kenako ndinakumba mozungulira, patali ndi tsinde, kuti mizu ituluke ndi dothi lake. Mizu ya rozi wakale imalowa pansi kwambiri, ina inaduka basi, palibe kuchitira mwina. Ndinakulunga m'masaka onyowa, m'bale wina wa ku Mangochi n'kundinyamulira pa galimoto yake mpaka ku Rosettenville kumene ndimachita lendi.

Pa maenje ndi pamene ndinatuluka thukuta. Kuseri kwa chipinda changa dothi ndi louma gwa, lodzaza zidutswa za njerwa. Dzenje lililonse ndinakumba theka la mita, ndikusakaniza dothi ndi manyowa owola bwino komanso ufa wa mafupa. Mfundo ya patsinde, pamene anamezanitsira rozi ndi mizu ya mtundu wina, ndinaisiya molingana ndi nthaka. Pamwamba ndaphimbira ndi udzu wouma, popeza mvula kuno imayamba cha mu October ndipo madzi a pampopi timagawana anthu ambiri. Ndimathirira ndi otsukira ndiwo zamasamba.

Ziwiri mwa zitsambazi ndi Iceberg, rozi woyera amene kampani ya Kordes ya ku Germany inatulutsa mu 1958. Ali paliponse m'mabwalo a ku Joni, ndipo anzanga ena amati ndi wamba. Ine ndimamulemekeza, chifukwa ndi amene wayamba kudzuka.

Anthu a pabwalo pano amandifunsa kuti bwanji osabzala mpiru kapena chinangwa. Mpiru ulipo, m'matayala. Koma amayi anga, ngakhale chaka cha njala, sankalephera kukhala ndi maluwa pakhonde, ndipo atamwalira palibe amene anawathirira. Ndinali kuno, ndinangomva kuti anauma. Izi zimandipweteka mpaka lero, n'chifukwa chake pempho la agogo aja sindikanalikana.

Nsabwe zobiriwira zayamba kale kuunjikana pa nsonga, ndikuzichotsa ndi zala m'mawa uliwonse. Ndikusakanso neti yotchingira matalala mvula isanafike. Chitsamba chofiira chija chikachita maluwa mu October, oyamba ndikawapatsa agogowo.